Ndinatchula Dzina Lanu Ndekha

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji? Msana uja unaleka kuwawa, manje poti simuweramanso m'munda wa mpunga?

Ndine Mateyo, mwana wanu woyamba. Ndanena dala kuti woyamba, chifukwa kuno ena anayamba kuiwala. Mundikhululukire kuti nkhani zikubwera m'Chinyanja, osati m'Chisenga chathu. Kusukulu mukudziwa kuti sindinapondeko, ndipo sindidandaula. Zilembo ndinazitola ndekha kumigodi, kwa munthu wa ku Nyasalande amene tinkagona naye nyumba imodzi, ndipo iye ankadziwa kulemba Chinyanja chabe. Ndiye dzanja langa limakamba Chinyanja. Koma limakamba bwino, Amayi. Lilibe chibwibwi ngati mwini wake. Mupeze wina kumeneko akuwerengereni, koma asakhale wothamanga.

Chichokereni inu dzinja lapita kawiri. Loyambalo mtsinje wa Luangwa unakwiya, unadzaza mpaka pa mkuyu paja munkapumira pochokera kudimba, ndipo chimanga cha kumunsi chonse chinapita ndi madzi. Tinakhalira mapira ndi nsomba. Paja munkatiuza chaka chilichonse kuti, "Musasiye mapira chifukwa chimanga chakukomerani." Tinakukumbukirani. Chaka chino zayenda bwino. Mpunga wacha, nkhokwe zadzaza, ndipo njovu zinangolowa kamodzi, zinadya maungu a NyaGoma, mkazi wanga, n'kupita kwa anansi. NyaGoma mpaka lero akuzitukwana. Maso ake ayamba kuchita nkhungu, koma lilime likuona bwinobwino. Nyumba yanu inagwa mbali ya kum'mawa. Mitengo yake ndinaisunga, sindinalole munthu kuisonkhera moto. Nkhuku yanu yamawanga inafa yokha ndi ukalamba. Ana ake adzaza bwalo, ndipo onse ndi akuba ngati mayi wawo.

Amuna masiku ano akakhala pamthunzi nkhani ndi ya Chitaganya, kuti azungu atimanga pamodzi ndi a ku Halale osatifunsa. Wokamba wamkulu mukumudziwa kale: mng'ono wanga Yotamu, mwana wanu wa pamtima. Amaimirira, dzanja limodzi m'thumba la jekete, mawu n'kumatsika ngati mpunga wothira m'dengu. Ku Halale sanafikeko. Ine ndinafikako, ndinaona ndi maso anga, koma anthu amafunsa iye.

Manje nkhani imene ndakhalira pansi. Lameki, mwana wanga, mdzukulu wanu uja munkamutcha Kamimba, ali ndi mwana wamkazi. Anabadwa nyengo yozizira ino, titangomaliza kukolola. Ndi wonenepa, amalira mwaukali, ndipo kachala kake kakang'ono ka kumanja n'kopindika ngati kanu. Azimayi atakaona anangoyang'anana.

Mwina munkamva muli chigonere, mwina ayi: pa maliro anu tinapangana kuti mtsikana woyamba kubadwa m'banja mwathu adzatenga dzina lanu. Kwa Yotamu kunabadwa adzukulu awiri, onse amuna. Ndisaname, ndinakondwera nawo pawiri: poyamba chifukwa ndi ana athu, kachiwiri chifukwa si atsikana.

Koma mkazi wa Lameki atangokhala ndi pakati, mtima wanga unasiya kukhazikika. Mwambo mukuudziwa kuposa ine. Mwana akagwa mchombo amatuluka naye pakhomo, wamkulu wa kuchimuna amamulandira m'manja, n'kutchula dzina anthu onse akumva. Amene walitchula koyamba pamutu pa mwana ndiye walipereka. Mwanayo amakhala wake: ndiye amamumangira mkanda woyamba, ndiye amafunsidwa tsiku lobwera anthu kudzapempha ukwati. Wamkulu wa kuchimuna ndine. Ndipo dzina lanu, Amayi, linali lisanatulukepo pakamwa panga chibadwire. Mwana satchula dzina la mayi ake. Kwa ife munali Amayi, kwa anthu munali NyaLungu. Lobadwa nalo ndinkangolimva kwa malume akabwera kudzacheza, ndipo ndinkatembenuza nkhope ngati ndaona munthu wamkulu akusamba.

Inu mukudziwa mmene ndakhalira ndi chibwibwi changa. Ndimazemba. Ndikaona patali kuti mawu akutiakuti andikanira, ndimatenga ena. Mpunga ukakana ndimati "za m'dambo zija". Mvula ikakana ndimati "kumwamba kwada". Anthu ena mpaka amati Mateyo amakamba mozama, osadziwa kuti ndikungolambalala chitsa. Koma dzina la munthu lilibe kolambalalira. Ndipo lanu limayambira pamene milomo yanga imatsekekera, pamene imagwirana ngati yamatidwa ndi ulimbo.

Yotamu anazidziwa. Anabwera tsiku lina ndikusema mpini, anakhala pachitsa.

"Akulu, za mwana wa Lameki zija. Akakhala wamkazi musavutike. Inu mudzamunyamula, ine ndidzatchula. Anthu asadzaime padzuwa."

Ndinafuna kunena kuti ayi. Ndinayamba, milomo inagwira.

"Eya, ndamva, akulu, mukuti zili bwino," anatero, n'kunyamuka akusansa fumbi kumbuyo kwa jekete.

Moyo wanga wonse ndi umenewo, Amayi. Pa mlandu wa malire a dimba anakamba Yotamu. Lameki pokwatira anakamba Yotamu. Pa maliro anu mapira odyetsa anthu anatuluka m'nkhokwe yanga, nsalu yokufundani inali yanga, koma wokutsanzikani pamanda anali iye, ndipo anthu pobwerera ankati NyaLungu anabereka mwana. Mwana, osati ana.

Sindikuimbani mlandu, koma ndikambe, poti papepala palibe wondidula. Munayesetsa. Munandimwetsa madzi m'chigoba cha nkhono. Munandiimika pansi pa denga kuti madontho a mvula yoyamba andigwere pa lilime. Munanditengera kwa mkulu uja wa ku Chifunda amene anandicheka pansi pa lilime, ndinakhala ndikumwa phala lokha mpaka bala litapola, ndipo nditachira chibwibwi chinali pomwepo, chikundidikira. Pamenepo munaleka. Munayamba kuuza alendo kuti, "Mateyo wanga mawu ake ali m'manja," n'kuwaonetsa mphasa ndi miono imene ndaluka. Ndinkanyadira. Koma ndikayamba kukuuzani kanthu munkati, "Meza malovu, mwana wanga, ndamva kale," n'kumaliza inu. Nthawi zambiri munkalondola. Nthawi zina ayi, koma ndinkangovomera. Tsiku lina munandipatsa madzi akumwa pamene ndinkafuna kukuuzani kuti mbuzi zalowa m'dimba. Ndinamwa madziwo.

Ndipo tsiku lomaliza lija munaitana Yotamu. Ndikumvetsa. Mpweya unali utachepa, simukanatha kudikira munthu wonga ine kuti ayankhe. Koma ndinali pakhomo pomwepo, Amayi, nditagwira chikho cha phala lanu.

Manje ndikuuzeni za Pitala, mnzanga wa ubwana, uja tinkatchera naye miono. Mukumbukira kuti chibwibwi chake chinali choposa changa. Ankatseka maso, n'kuponda pansi ndi chidendene mpaka fumbi, kuti atulutse moni chabe. Tinkakondana chifukwa m'bwato mwathu munalibe wofunsa mnzake mafunso. Ndipo ndinene zoona: ndikaima pafupi ndi Pitala, ine ndinkaoneka wodziwa kukamba.

Ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Tembwe kunabwera dresala watsopano wothandiza odwala, a Nyirongo, bambo wa msinkhu wa Lameki, wa njinga yakuda. Kupatula kutsuka zilonda ndi kubaya jekeseni, munthu ameneyu ali ndi ntchito ina imene wadzipatsa yekha. Amayenda m'midzi kufunafuna achibwibwi, ngati mmene ena amafunira uchi. Akampeza munthu amamufunsa: chinayamba uli wamkulu bwanji, kubanja kwanu alipo wina, ukamaimba chimabwera, ukakhala wekha chimabwera? Akuti mayankhowo amawatumiza kwa dokotala wina ku Lusaka amene akufufuza za vutoli. Akuti si ufiti, si lilime lomangika, si tchimo la mayi, koma chimene chimayambitsa ngakhale madokotalawo sanachipeze. Mankhwala akumwa alibe. Ine nditamva ndinati, munthu alibe mankhwala, gwero salidziwa, nanga malaya oyera wavaliranji? Anafika pakhomo panga kawiri. Koyamba ndinali kudimba. Kachiwiri ndinapita kudimba nditaona njinga.

Pitala sanathawe. Loweruka lililonse masana amapita kukakhala pansi pa bwemba kuseri kwa chipatalako, pamodzi ndi achibwibwi anzake. Ndinamuseka. Ndiye Lamulungu lina m'tchalitchi mphunzitsi anati, "A Pitala abwere kutsogolo atiyamikire mvula." Ndinawerama, kumumvera chisoni pasadakhale. Amayi, munthu uja anakamba. Chibwibwi sichinathe, chinalipo, koma ankachikoka pang'onopang'ono ngati bwato pamchenga, maso ali pa anthu, chidendene chili phee. Anafika mpaka pa Amen.

Pobwerera NyaGoma anati, "Mwamumva Pitala?" Ndinati ndamva. Pofika pamtsinje, "Koma Pitala lero!" Pofika pakhomo anayambanso, ndipo ndinamufunsa ngati akufuna ndimunyamulire mitondo yake asamukire kwa Pitalayo. Tsiku limenelo sindinadye. Mumtima munkatentha ngati ndameza khala. Yotamu ndinamuzolowera, iye anabadwa ndi pakamwa pake. Koma Pitala anali wanga. Tinali awiri kumbuyo kwa anthu, manje ndinatsala ndekha.

Pitala anabwera tsiku lina ndikukonza mono.

"Nganya, mnzanga, Loweruka t-tiye."

"Kukatani? Kukaphunzira kukamba ndili ndi imvi? Ine ndimakamba."

"Umakamba ndi nkhuku. Nazonso z-zimachoka usanamalize."

"Choka pano, m'busa watsopano iwe."

Zangazo ndazilemba mosalala, koma potuluka zinatenga nthawi. Iye anaseka, anatsina fodya wanga, n'kupita.

Nyengo yoingitsa mbalame m'mapira ndinali ndekha pansanja, ndipo ndinati ndiyese. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinapepesa kwa inu, n'kutchula dzina lanu. Linatuluka bwinobwino, lopanda chokoka. Ndinalitchula kwa mpheta, kwa anyani, kwa mitambo. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mfumu, ndipo ndinati ndiyese pamaso pa NyaGoma. Anangokweza maso kuchoka pa lichero, milomo yanga inamatika. Anadikira pang'ono, n'kunena, "Mukufuna fodya?" Ndinati eya.

Ndiye munga unandibaya, phazi linatupa. Ndinapita kuchipatala. Zoti linali Loweruka masana, zimenezo zinangochitika. Ndinakhala pakhonde, pamene bwemba amaonekera. Anali anthu ochepa: Pitala, bambo wina wa ku Kambombo amene amapalasa njinga mtunda wonsewo, mtsikana wa msinkhu wokwatiwa pamodzi ndi mayi ake, ndi NyaKumwenda, wamasiye uja woumba mbiya, amene tonse tinkati sakonda anthu chifukwa sapereka moni. Amayi, mayi uja si wamwano. Zaka zonsezi ankaopa moni.

Amayamba ndi kupuma pamodzi, kenaka kukoka mawu pang'onopang'ono, dzanja likugunda pabondo ngati munthu wosinja mosafulumira. Kenaka aliyense amakamba za kwawo. Lamulo lawo ndi limodzi: womalizira mnzake mawu amasesa bwalo lonse la chipatala. Akuti ngakhale a Nyirongo eni ake anasesapo. NyaKumwenda anayamba kufotokoza za kumunda kwake, ndipo anakanirira. Nsagwada zinanjenjemera. Ine pakhondepo mawuwo ndinali nditawadziwa kale, ankandiyabwa pakamwa. Palibe anayankhula. Palibe anayang'ana pansi, palibe anayang'ana kumwamba. Nkhuku inadutsa pakati pawo, inakafika kumpanda, inabwerera. Kenaka mawu aja anatuluka. Ankafuna kunena kuti "dzungu". Dzungu chabe, Amayi! Ndipo anapitiriza nkhani yake ngati palibe chachitika.

Ndinayenera kukondwera. Ndinakwiya mpaka phazi ndinaliiwala. Anthu akuluakulu kukhala chete, ntchito zili kunyumba, kudikira dzungu la NyaKumwenda! Ine ndani anandidikirapo? Ndinali ndi nkhani zazikulu kuposa dzungu, za kumigodi, za mvuu imene inatigubuduza m'bwato, za mmene ndinkakukonderani, ndipo zonse zinamalizidwa ndi anthu ena kapena zinabwerera m'mimba. Ndiye kamtsikana kaja kakupeza zimenezi mano onse ali m'kamwa, mayi ake atakhala pambali akuphunzira kutseka pakamwa. Mayi ameneyo ndinamuyang'ana nthawi yaitali.

A Nyirongo anabwera kudzatsuka phazi, n'kundiitana ndi dzina la kubanja kwathu.

"Adada Zimba, ndinafika kwanu kawiri."

"Ndabwera ndi phazi."

"Chabwino, phazi." Anachotsa munga, anamanga nsalu. Pomanga mfundo anati, osandiyang'ana, "Mawu akakana, musawakankhe ndi milomo yothina. Tulutsani kaye mpweya, milomo ingokhudzana pang'ono, mawu akwere pa mpweyawo. Akatenga nthawi, atenge. Nthawiyo ndi yanu."

Ndinamuuza kuti nsaluyo wamanga mothina. Sindinabwerereko.

Mwana anabadwa, mchombo unagwa, tsiku linafika. Kunali m'mawa, kukuzizira, anthu atafunda nsalu pabwalo pa Lameki. Yotamu anabwera ndi jekete, tsitsi atalipaka mafuta, anakhala kutsogolo pampando. Ndiye ndinaona Pitala akulowa, amene sindinamuitane, pambuyo pake bambo wa ku Kambombo akukankha njinga, ndi NyaKumwenda. Ndinayang'ana NyaGoma, iye anayamba kufunafuna chinthu m'lichero lopanda kanthu. Pitala anakhala kumanja kwa Yotamu, wa ku Kambombo kumanzere, NyaKumwenda anayala nsalu kumbuyo kwake kwenikweni, pamene azimayi sakhala. Yotamu anawapatsa moni mokondwa. Ankaganiza kuti abwera kudzamva iye.

Azamba anatuluka ndi mwana, anamuika m'manja mwanga. Wopepuka ngati nkhunda, wofunda. Ndinayamba bwino. Ndinati, "Mwana uyu wabwera kwawo. Si mlendo. Dzina lake ndi..."

Pamenepo chitseko chinatsekeka. Milomo inagwirana, mpweya unasowa kolowera ndi kotulukira. Ndinamva azimayi akusuntha pamphasa. Wina anatsokomola. Lameki anayang'ana zala za kumapazi kwake, monga amachitira chiyambire ali mwana. Ndinaona Yotamu akukoka mpweya, akudzuka pang'ono pampando, ndi nkhope yachifundo ija.

"Akulu akufuna kunena kuti..."

Dzanja la Pitala linatera pabondo lake. "D-d-dikira, Yotamu. Mwana s-sakuthawa."

"Koma anthu..."

"Anthu t-tili pano," anatero NyaKumwenda kumbuyo kwake, ndi mawu amene ambiri anali asanawamvepo. "Mukamaliza n-ndinu, tsache lilipo."

Ena anaseka, osadziwa za tsachelo. Yotamu anakhala pansi. Ndipo kunagwa bata limene sindinalimvepo chibadwire. Nthawi zonse ndikakanirira, anthu amathamangira kudzaza mpatawo, ngati otseka dzenje kuti mwana asagweremo. Tsiku limenelo dzenje linasiyidwa lotsegula, ine ndili m'mphepete mwake ndekha. Ndinkafuna kumubweza mwanayo kwa azamba n'kupita kudimba. Chimene chinandiletsa si kulimba mtima, Amayi. Ndi Pitala. Ankandiyang'ana ndi maso a munthu amene anawoloka kale, ndipo ndinati mumtima, uyu, woponda fumbi uyu, asakakambe pansi pa bwemba kuti Mateyo analephera.

Ndinayang'ana kachala kopindika kaja. Ndinamasula milomo, ndinatulutsa mpweya monga ananenera wa malaya oyera uja, amene sindinamumvere. Kunayamba kung'ung'uza kwautali ngati njuchi mu mphako, mmmm, kunapitirira, ndinkaganiza kuti sikutha. Kenaka kunatseguka.

"Mbachi."

Linatuluka lopindika ngati kachala kanu, koma linatuluka lonse, ndipo linatuluka mwa ine. Azimayi anayamba nthungululu. Ndinakweza dzanja kuti aleke, ndinkafuna ndilibwereze kuti anthu asanene kuti unali mwayi. Linakananso! Anadikiranso. Linatulukanso. Pamenepo mwana anandikodzera pamkono, ndipo azamba anati NyaLungu wavomera.

Mundikhululukire kuti ndalilemba pano. Manje ndi la mwana, tizilitchula tsiku ndi tsiku, muzolowere.

Anthu atabalalika Yotamu anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Jekete anali atavula.

"Akulu, mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Sindinayankhe msanga, ndipo iye sanandiyankhire. Zimenezo zinali zisanachitikepo.

"Ine ndinkati ndikuthandiza," anatero. "Amayi ndi amene anandiuza, ndili wamng'ono chonchi, kuti uzimukambira mkulu wako, anthu asamuseke. Mukuganiza kuti n'zokoma kukamba pawiri moyo wonse, zako ndi za mwini? Pa maliro paja ine ndinkafuna kulira, koma panalibe wina woimirira."

Zimenezo sindinkazidziwa. Kodi n'zoona munamuuza choncho, Amayi? Sindinena kuti mtima wanga wayera pa iye. Akaimirira pamthunzi paja, ndimamuchitirabe nsanje. Koma ndinamupatsa fodya, ndipo tinakhala.

Pitala ndiye wanyanya. Akuuza aliyense kuti wondiwolotsa ndi iye. Akuti posachedwa ayamba kuphunzitsa atsopano, iyeyo! Ndiye ndaganiza zopitako Loweruka. Musaganize kuti ndagonja. Ndikupita kukaona kuti asanamize anthu, ndiponso a Nyirongo mafunso awo aja akufunsa anthu osadziwa kanthu. Chibwibwi ndakhala nacho zaka zambiri kuposa onse a pansi pa bwemba paja. Ngakhale Pitala ndinamutsogolera kubadwa. Ngati dokotala wa ku Lusaka afuna kuchidziwa, amve kwa ine. NyaGoma akuti apita nawo akaphunzire kudikira. Ndamuuza atenge tsache lake la kunyumba, akalifuna.

Mbachi akuyamwa bwino. Mkanda ndamumangira kale, wofiira, wa m'mikanda yanu ija munasiya m'nsupa. Ndikamunyamula ndimamuuza nkhani, za mvuu, za kumigodi, ndipo sandimalizira. Akadzayamba kukamba, kaya adzathamanga ngati Yotamu, kaya adzakoka ngati ine, pakhomo pano womumalizira mawu adzasesa mpaka kumtsinje.

Mvula isanagwe tidzabwera kudzalambula pamanda panu, banja lonse. Chaka chino wokamba ndine. Yotamu ndamuuza, ndipo ndinamuuza mpaka kumapeto. Sindidzabwera ndekha mobisa, poti ndekha ndimakamba ngati wina aliyense. Ndidzaimirira anthu akuona. Ndili ndi zambiri zimene ndinayamba kukuuzani ndili mwana, zimene munati mwamva kale. Simunamve zonse, Amayi. Zidzatenga nthawi, dzuwa lidzatentha, ena adzakhala pansi. Tsiku lija mpweya unali wochepa, ndinamvetsa. Manje simukuthamangira kulikonse. Mudzandidikire.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ndi manja, ndipo manje ndi pakamwa pomwe,

Mateyo